Shawa ya Magetsi: Waya Ndiye Agamule

Tawuni ya Dedza ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mu June ndi July madzi apampopi amachita kuluma zala. Amene ali ndi shawa ya magetsi, ija imatenthetsa madzi pompopompo akamadutsa m'mutu mwake, amadandaula kuti nthawi yachisanu madzi sakutentha. Ganizo lobwera msanga ndi lakuti achotse yaing'onoyo, agule yamphamvu. Ganizoli si loipa, koma woyenera kugamula kukula kwa shawa ndi waya amene ali m'khoma ndi kudenga, osati chisanu kapena ndalama zili m'thumba.

M'kati mwa shawa muli kawaya kopotanapotana kamene kamatentha magetsi akamadutsamo, ndipo madzi amatengako kutenthako akamadutsa. Mphamvu yake imalembedwa pa shawapo m'mawati. Ya mawati 3,500, ikamatulutsa malita 4 pa mphindi, imakweza kutentha kwa madzi ndi madigiri pafupifupi 12 okha. Madzi akalowa ali pa madigiri 15 amatuluka ali pa 27, ndipo munthu amasamba akunjenjemera. Ya mawati 7,000 imawafikitsa pa madigiri 40, ofunda bwino. Choncho shawa yaing'onoyo sinawonongeke ayi, yangochepa mphamvu.

Koma mphamvu ikawirikiza, magetsi amene shawa ikukoka amawirikizanso. Magetsi a ESCOM amafika m'nyumba ali pa mavoti 230. Mukagawa mawati ndi 230 mumapeza maampu, muyeso wa kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya. Shawa ya mawati 3,500 imakoka maampu 15, ya 7,000 imakoka 30, pamene pulagi ya soketi wamba malire ake ndi maampu 13. Nawo mawaya amasiyana kunenepa, ndipo nambala yake imalembedwa pa pulasitiki yokutira: wa mababu nthawi zambiri ndi 1.5, wa masoketi ndi 2.5. Shawa ya mawati 7,000 imafuna waya wakewake wa 6, wochokera ku bokosi la magetsi osagawana ndi china chilichonse, ndipo mtunda ukatalika pamafunika wonenepa kuposa apa. Waya woonda akasenza magetsi ambiri amatentha, pulasitiki yake imauma n'kung'aluka, ndipo izi zimachitika kudenga, pafupi ndi matabwa ouma, kumene diso silifika.

Ena amati vutoli n'laling'ono: bureka ikamagwa, ingoikani yaikulu. Apa ndi pamene pali ngozi yeniyeni. Bureka ndi mlonda wa waya, ntchito yake ndi kudula magetsi waya asanapse. Mukaika ya maampu 32 pa waya wa 2.5, magetsi sadzadukanso, zoona, koma wayayo adzatentha popanda womuletsa. Enanso amaloza nyumba yoyandikana nayo kuti kumeneko analumikiza shawa ku waya wa masoketi ndipo papita zaka osaona vuto. Waya sapsa tsiku limodzi. Munthu akasamba mphindi zisanu, waya amatentha n'kuzizira, ndipo pulasitiki imafooka pang'onopang'ono mpaka tsiku limene banja lonse lidzasambe motsatizana ketulo ya magetsi itayatsidwanso. Soketi yofunda mukaigwira, fungo la pulasitiki yopserera, mababu othima pang'ono shawa ikayatsidwa, zonsezi ndi machenjezo.

Palinso china choposa moto. Munthu wosamba amakhala wonyowa, wopanda nsapato, ataponda simenti. Magetsi ochepa kwambiri akhoza kumupha, ochepa moti bureka wamba singawamve n'komwe. N'chifukwa chake shawa iyenera kulumikizidwa ku waya wa ethi, wa mizere yobiriwira ndi yachikasu uja, wopita ku chitsulo chokhomeredwa m'nthaka, komanso ku chipangizo chodula magetsi akangoyamba kuthawa, cholembedwa 30 mA. Chipangizochi chili ndi batani loyesera. Mukalidina magetsi osazima, musasambe.

Dandaulo lomveka kwambiri ndi la ndalama, pakuti waya wa 6 ndi wokwera mtengo, ndipo mmisiri wa zamagetsi amene ali ndi chiphaso cha MERA sagwira ntchito yaulere. Komabe mmisiriyo amaona zimene mwininyumba sangazione: kunenepa ndi kutalika kwa waya, kulimba kwa polumikizira, ethi, ndiponso ngati magetsi olowa pa mita angakwanitse shawa, kuka ndi simbi nthawi imodzi. Ngati ndalama sizinakwane, shawa yakaleyo ikhale kaye. Chepetsani madzi pa mpopi, pakuti malita 2 pa mphindi m'malo mwa 4 amatenga kutentha kowirikiza kuchokera ku mawati omwewo, waya osawonjezeredwa katundu. Yaikuluyo idikire mpaka waya wake atakokedwa, ndipo woigula adziwiretu kuti kusamba mphindi 10 pa mawati 7,000 kumadya yuniti imodzi ndi kachidutswa.