KUMATA DZINO LOBOWOKA NDI MANKHWALA A KOMPOZITI

Anthu ambiri a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri, monganso a kumidzi, amakumbukira dokotala wa mano pamene tsaya latupa ndipo tulo tasowa. Pamenepo kawirikawiri chotsala ndi kuzula basi. Komatu dzino la munthu wamkulu likazulidwa silimeranso. Dzino limene langoyamba kubowoka lingathe kupulumuka pomatidwa, ndipo ena mwa mankhwala omatira ndi kompoziti, amene amaoneka oyera ngati dzino lenileni.

Kodi kompoziti ndi chiyani?

Mmisiri amasakaniza simenti ndi mchenga kuti khoma lilimbe. Kompoziti nayenso ndi msanganizo wa zinthu 4:

1. Utomoni wa pulasitiki. Wodziwika kwambiri ndi Bis-GMA, umene Dr. Rafael Bowen wa ku America adautulukira cha mu 1962.
2. Ufa wosalala wa galasi kapena wa mwala wa nsangalabwi. Ufawu ndiwo umapereka mphamvu, ndipo umaposa theka la kulemera kwa kompoziti.
3. Mankhwala otchedwa silane, ogwirizanitsa ufa ndi utomoni.
4. Mankhwala oumitsa, amene amagwira ntchito akawalitsidwa ndi nyali ya buluu.

Kamatidwe kake

Dokotala amayamba wachotsa mbali yonse yowola. Kenaka amapaka asidi wapadera kwa masekondi 15 mpaka 30 kuti dzino likhale lokhakhala, nalitsuka, naliumitsa, nalipaka guluu wa mano. Kompoziti amaikidwa pang'onopang'ono, mamilimita 2 nthawi imodzi, ndipo gawo lililonse limawalitsidwa kwa masekondi 20 mpaka 40. Chifukwa chake n'chakuti kuwala sikulowa patali, ndiponso kompoziti amafota pouma, pafupifupi magawo 2 kapena 3 pa 100 alionse. Akaikidwa wambiri nthawi imodzi, pamatsala mpata wolowera tizilombo.

Ubwino ndi zofooka zake

Kompoziti amamatirira ku dzino, choncho dokotala saboola malo aakulu. Amauma wodwala asanachoke pampando. Koma sagwirizana ndi malovu kapena magazi pa nthawi yomata. Ndicho chifukwa chake wodwala amaikidwa thonje m'kamwa, ndipo ayenera kudekha osatseka pakamwa. Pakapita zaka kompoziti amaperepeseka, ndipo fodya, tiyi ndi khofi zimamudetsa. Ngati kuwola kwafika pa mtsempha wa dzino, kumata kokha sikuthandiza.

Achikulire ena ali ndi mano omatidwa ndi amaligamu, mankhwala otuwa onga siliva, amene pafupifupi theka lake ndi mercury. Pofuna kuteteza nthaka ndi madzi, maiko adagwirizana m'Pangano la Minamata la 2013 kuchepetsa mankhwalawa. Komabe dzino lomatidwa ndi amaligamu, ngati lili bwino, lisakhudzidwe popanda uphungu wa dokotala. Mu 2023 bungwe la WHO lidaika kompoziti pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri.

Kokapeza thandizo

Munthu akaona kadontho kakuda pa dzino, kapena akamamva tsemwe pomwa madzi ozizira, apite msanga ku chipatala chapafupi. Ofunika chithandizo chachikulu mu Blantyre amatumizidwa ku chipatala cha Queen Elizabeth. Mu mzinda womwewu maphunziro a udokotala wa mano adayamba mu 2019 pa College of Medicine, imene tsopano ili m'Kamuzu University of Health Sciences.

Kusamala dzino lomatidwa

1. Kutsuka mano kawiri pa tsiku ndi mankhwala okhala ndi fluoride, makamaka pokagona.
2. Kuchepetsa masiwiti, mabisiketi ndi zakumwa za shuga wambiri.
3. Kusatsekula mabotolo ndi mano, ndi kusaswa nawo mafupa.
4. Kubwerera kuchipatala ngati chomata chagamphuka kapena dzino likupwetekabe.

Makolo aziyang'ananso m'kamwa mwa ana awo mwezi ndi mwezi. Paja akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu. Bowo laling'ono limamatidwa, koma lalikulu limatengera dzino ku mbano ya dokotala.