Maseŵero a pa Kompyuta Ofotokoza Nkhani

Ambiri a ife timaona maseŵero a pa kompyuta ngati zinthu zongotayitsa ana nthaŵi. Komabe mphunzitsi ayenera kudziŵa kuti ena mwa maseŵero ameneŵa anapangidwa kuti afotokoze nkhani, monga achitira mtolankhani kapena gogo wokamba nthano madzulo.

Tiyeni tione seŵero lotchedwa The Oregon Trail. Analipanga m'chaka cha 1971 anyamata atatu amene anali kuphunzira uphunzitsi monga inu, ku Minnesota m'dziko la America. Maina awo ndi Don Rawitsch, Bill Heinemann ndi Paul Dillenberger. Rawitsch anali kufuna njira yophunzitsira mbiri ya mabanja amene ankasamukira kumadzulo kwa dzikolo pa ngolo za ng'ombe m'zaka za m'ma 1840. Iye anayamba ndi mapu ndi makhadi chabe. Anzake aŵiriwo ndiwo analiika pa kompyuta. Mwana woseŵera ndiye mwini ulendo. Amagula ng'ombe, kamba, zovala ndi zipolopolo, ndipo akalakwitsa maŵerengero, njala kapena matenda zimamupha panjira.

Njira yomweyi inagwiranso ntchito pa nkhani za tsiku ndi tsiku. M'chaka cha 2003 Gonzalo Frasca wa ku Uruguay anatulutsa seŵero lotchedwa September 12th. Woseŵera amaona mudzi wa ku Middle East mmene zigaŵenga zikuyenda pakati pa anthu wamba. Akaponya bomba amapha ndi osalakwa omwe, ndipo ena mwa olira malirowo amasanduka zigaŵenga. Seŵeroli lilibe wopambana. Frasca sanalembe ndemanga monga achitira mkonzi wa nyuzipepala, koma maganizo ake anaŵaika m'malamulo a seŵerolo.

Tsono nkhani yagona pamenepa. Mwana akaŵerenga nyuzipepala amadziŵa kuti wina walemba. Akaseŵera amayesa kuti wadzionera yekha, ndipo safunsanso. Ana amene ankaseŵera The Oregon Trail ankaona ulendowo ndi maso a osamukawo okha, pamene eni nthaka oyamba a m'dzikolo anali kungoonekera pambali. Kunali kulakwitsa ndithu. Polikonzanso m'chaka cha 2021, opanga anafunsa nzeru kwa akatswiri a mbiri ochokera mwa eni nthakawo.

Kusoŵa kwa kompyuta kusatigwetse ulesi, pakuti Rawitsch anayamba ndi makhadi. M'Sitandade 7 tingatenge nkhani ya m'nyuzipepala, monga ya kukwera mtengo kwa feteleza, ndi kugaŵa ana m'magulu kuti apange seŵero la banja la mlimi. Koma tipewe nkhani ngati ya namondwe wa Freddy wa m'chaka cha 2023 ngati m'kalasimo muli ana amene anataya abale. Magulu akasinthana maseŵero awo, tifunse mafunso aŵiri, ndipo ana alembe mayankho m'makope mwawo: Anaika lamulo ili ndani? Nanga m'nkhaniyi ndani sanapatsidwe mpata wosankha?