Cilumba ca Likoma

Anzanga, ine kwathu ndi ku Mkanda, pafupi ndi malire a Zambia, ndipo nyanja sindinaione ndi maso. Koma pa mapu a m'kalasi mwathu ndinapeza codabwitsa: cilumba ca Likoma ciri pakati pa madzi a Mozambique, komabe ndi ca Malawi. Cifukwa ninji?

Gwero lace ndi mishoni. M'caka ca 1885 amishoni a U.M.C.A. anakhazika likulu lao pamenepo. Tsono pamene Angelezi ndi Apwitikizi anagawana dziko mu 1891, Likoma ndi Chizumulu zinatsalira Angelezi. Mu 1903 anayamba kumanga calici cacikuru ca St. Peter pa Chipyela.

Lero zilumba ziwirizi ndi boma lapalokha la m'Cigawo ca Kumpoto, ndipo mu 2018 anthu ace anali 14,527. Nthaka ndi yamiyala. Anthu amalima cinangwa, nawedza usipa, koma cimanga ndi katundu wambiri zimadza pa madzi. Sitima ya Ilala yakhala ikuwatumikira kuyambira 1951.

Ife ufa ukatitera, timakwera njinga kunka ku msika. Iwo amayang'ana kunyanja, kudikira sitima. Tikamadya usipa wao pano pa sukulu, tiziwakumbukira abale athuwa.