Kuchita lendi fulati ya pansi pa matabwa ku Johannesburg

Mafulati ambiri akale a ku Yeoville, Berea ndi Hillbrow pansi pake ndi pa matabwa, timatabwa tolimba tomwe anatimata ndi phula kalekale. Pamakongola, ndipo mu June ndi July sipazizira ngati pa simenti. Koma ndaona abale athu ambiri akutuluka m'nyumba zoterezi chimanjamanja, dipoziti yonse itathera pa matabwa omwe sanawononge iwo.

1. Zoyamba

Musapereke ndalama musanaione nyumba ndi maso anu. Pemphani pangano lolemba, ndipo ndalama iliyonse ikhale ndi lisiti. Fulati ya chipinda chimodzi mwina ikudyerani R4,000 mpaka R6,000 pamwezi, dipoziti n'kukhala ya mwezi umodzi kapena iwiri.

2. Yenderani pansi musanalowetse katundu

Apa ndi pomwe anthu amagwera. Munthu akangolandira makiyi, maganizo onse amapita pa galimoto ya katundu yomwe ikudikira panja. Galimotoyo idikire.

Lamulo la ku South Africa la Rental Housing Act la 1999 limati inu ndi mwininyumba muyendere nyumbayo limodzi musanalowe, ndipo zowonongeka zomwe mwapeza zilembedwe n'kuphatikizidwa ku pangano. Ndi ufulu wanu, simukupempha chifundo.

Pitani masana, nyumba ili yopanda kanthu. Vundukulani kapeti aliyense, chifukwa kapeti woyalidwa pakati pa chipinda chopanda katundu kawirikawiri amakhala akubisa kanthu. Pondani paliponse. Phula likakalamba limauma, timatabwa n'kumatuka. Mudzamva tikugwedera kapena kulira gobede. Yang'anitsitsani pansi pa mawindo, pakhomo la bafa, pafupi ndi sinki ndi potulukira pakhonde. Madontho akuda ndiye kuti madzi analowa. Matabwa otukumuka ndiye kuti chinyezi chikadalipo, mwina paipi ikudontha.

Jambulani chilichonse, chithunzi china patali kuti chipinda chidziwike, china pafupi kuti chilema chioneke. Kenako lembani. Kulemba kuti "pansi m'powonongeka pang'ono" n'kutaya nthawi. Lembani kuti chipinda chogona, pafupi ndi windo, timatabwa tisanu tamatuka ndipo vanishi wasupuka. Nonse awiri musainire, inu mutenge pepala lanu, ndipo zithunzi mumutumizire mwininyumba pa imelo kapena pa WhatsApp tsiku lomwelo.

Ejenti akanena kuti musadandaule, zimenezo akuzidziwa kale, musamvere. Ejenti amasintha ntchito, ndipo yemwe mudzamupeze potuluka adzangowerenga pepala. Anzanu enanso adzakuuzani kuti kufunsa zambiri kumakwiyitsa mwininyumba. Malangizo amenewo ndi aulesi. Kupala ndi kupakanso vanishi kumatha kufika R100 mpaka R200 pa sikweya mita, ndiye fulati yonse ikhoza kudya R6,000 kapena kupitirira. Chomwe sichinalembedwe tsiku lolowa, adzati mwawononga ndinu. Ndibwerezenso: chomwe sichinalembedwe mudzalipira ndinu.

3. Samalani pokhalamo

Ambirife tinakulira pa simenti, pomwe timakhuthula ndowa ya madzi n'kukolopa. Chizolowezi chimenecho chisiyeni. Matabwa amamwa madzi, amafufuma, n'kumatuka. Sesani ndi tsache lofewa, chikolopa muchifinye mpaka chisadonthe. Musapake polishi wofiira wa pa simenti. Musakhwekhwereze bedi kapena firiji, nyamulani, ndipo kumiyendo ya mipando ikaniko tinsalu. Mbaula ndi ayironi yotentha zisakhudze pansi. Paipi ikayamba kudontha, dziwitsani mwininyumba polemba tsiku lomwelo.

4. Potuluka

Yenderaninso limodzi m'masiku 3 omaliza a pangano, pepala loyamba lija lili m'manja. Kuzilala kwa vanishi pomwe anthu amaponda tsiku ndi tsiku n'kukalamba chabe kwa nyumba, simuyenera kulipira. Zopsereza, zokanda kwambiri ndi zamadzi omwe munataya nokha, zimenezo ndi zanu.

Ngati mulibe ngongole iliyonse, dipoziti pamodzi ndi chiwongoladzanja chake ibwezedwe m'masiku 7. Ngati mwininyumba wadulapo yokonzera, yotsala ibwere m'masiku 14 kuchokera tsiku lomwe mwamubwezera nyumbayo, ndipo muli ndi ufulu woona malisiti. Mwininyumba akalephera kuyendera nanu potuluka, lamulo limatenga kuti wavomereza kuti nyumba ili bwino, ndipo abweze yonse. Akakana, kadandauleni ku Rental Housing Tribunal ya ku Gauteng. Salipiritsa, koma mukapite ndi pangano, malisiti, zithunzi ndi pepala losainira lija.