Dongosolo la Uthenga pa Bizinesi: Mafunso ndi Mayankho Ochokera pa Zimene Zachitika ku Neno

Kodi dongosolo la uthenga n'chiyani, ndipo limasiyana bwanji ndi kompyuta?

Dongosolo la uthenga ndi njira yokhazikika imene bungwe kapena bizinesi imatsata polemba zimene zachitika, pozisunga, pozisanthula, ndiponso pozifikitsa kwa munthu woyenera kuchitapo kanthu nthawi isanathe. M'dongosolo lotere muli anthu olemba ndi owerenga, muli pangano la chimene chilembedwe ndi tsiku lochilembera, muli zipangizo monga foni kapena kompyuta, komanso pulogalamu, imene ili mndandanda wa malangizo ouza chipangizocho chochita ndi zimene zalowetsedwamo. Kompyuta ndi chiwiya chabe pakati pa zonsezi. Mwini golosale wa pa Zalewa amene amalemba m'kope aliyense wotenga katundu pa ngongole, n'kuliwerenga kopelo asanapite kukaoda ku Limbe, ali nalo kale dongosolo, pamene ofesi yodzaza makompyuta koma yopanda pangano la amene alembe chiyani ilibe.

N'chifukwa chiyani chitsanzo chikutengedwa ku zipatala za ku Neno pamene nkhani ndi ya bizinesi?

Boma la Neno linapatulidwa ku Mwanza m'chaka cha 2003, ndipo kalembera wa 2018 anapezamo anthu oposa 138,000, ena kumtunda kwa mapiri kumene kumalimidwa tirigu, mbatatesi ndi manachesi, ena kumunsi kotentha kwa m'mbali mwa Shire. Kuyambira 2007 bungwe la Partners In Health, limene kuno limadziwika kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, lakhala likugwira ntchito limodzi ndi Unduna wa Zaumoyo pa chipatala cha boma cha Neno, cha Lisungwi ndi zipatala zing'onozing'ono monga Dambe, Nsambe, Chifunga ndi Matope. Pa ntchitoyi linabweretsa kaundula wa odwala wa pakompyuta womangidwa pa pulogalamu ya OpenMRS, imene inayambitsidwa mu 2004 ndi bungweli pamodzi ndi Regenstrief Institute ya ku America. Pulogalamuyi ndi yotseguka, kutanthauza kuti aliyense ali ndi ufulu woitenga popanda kulipira laisensi, kuona mmene inalembedwera ndi kuisintha kuti igwirizane ndi ntchito yake.

Chipatala cha boma sichigulitsa malonda, koma mafunso ake ndi omwewo amene amasowetsa tulo wabizinesi: ndani wabwera, watenga chiyani, abweranso liti, ndipo m'nkhokwe mwatsala zingati. Kaundula wa ku Neno wayesedwa zaka zambiri pa misewu yoterera ya nthawi ya dzinja ndi netiweki yodukaduka, choncho maphunziro ake ali pafupi ndi kopaletivi ya ku Ligowe kuposa zitsanzo za makampani a ku Johannesburg.

Kodi kaundula ameneyu anayenda bwanji kuti akhazikike?

Chinthu choyamba choyenera kuchiona ndi chakuti pulogalamuyi sinabwere kudzachotsa pepala tsiku limodzi. Wodwala amene amalandira mankhwala a ma ARV ali ndi khadi lake losungidwa kuchipatala, pamene namwino kapena dokotala amalembapo tsiku, sikelo ya wodwalayo, mapiritsi amene wapatsidwa ndi tsiku lodzabweranso. Makalaliki ankatenga zolembedwa pa makhadiwo n'kuzilowetsa m'kompyuta, ndipo fomu ya pakompyuta inakonzedwa motsatira khadi limene ogwira ntchito analizolowera kale. Akatswiri amati gawo limeneli ndi kusanthula zosowa, ndiko kukhala pansi ndi eni ntchito, kuona mmene amagwirira, ndi kulemba bwinobwino mafunso amene dongosolo liyenera kuyankha, munthu asanalembe ngakhale mzere umodzi wa pulogalamu.

Chachiwiri, ndipo ichi ndicho chachikulu, kaundulayo ankabweza kanthu kwa olemba. Madongosolo ambiri amafa chifukwa chakuti manambala amangokwera kupita ku likulu, wolemba osaonapo phindu, ndipo pakapita miyezi amayamba kudzaza mafomu mwamwambo chabe. Ku Neno kompyuta imatulutsa mndandanda wa odwala amene tsiku lawo ladutsa asanabwere, mndandandawo umaperekedwa kwa ogwira ntchito zaumoyo a m'midzi, ndipo iwo amapita pakhomo kukamva chimene chavuta, kaya ndi matenda, maliro kapena mtsinje wodzaza. Kalaliki amene akudziwa kuti tsiku limene walemba molakwa lichititsa mnzake kukwera phiri pachabe amalemba mosamala, ndipo kusamala kumeneko sikungagulidwe ndi makina okwera mtengo.

Chachitatu, dongosololi linakula pang'onopang'ono potsata ntchito. Mu 2015 zipatala za m'bomali zinaphatikiza chisamaliro cha HIV ndi cha matenda ena a mgonagona, monga kuthamanga kwa magazi, shuga, mphumu ndi khunyu, kuti onse azionedwa pa kiliniki imodzi, ndipo kaundula anawonjezeredwa mafomu kuti alandire matendawo. Pambuyo pake panabwera Yendanafe, pulogalamu ya pafoni imene ogwira ntchito a m'midzi amalembamo za maulendo awo a khomo ndi khomo. Chilichonse chinamangidwa pamwamba pa chinzake chimene chinali chitayamba kale kuyenda.

Nanga kopaletivi kapena sitolo imene ikufuna kuyamba itani?

Iyambe ndi funso limodzi limene limaiwawa. Kwa kopaletivi ya alimi a manachesi funsolo lingakhale lakuti membala aliyense wabweretsa makilogalamu angati ndipo walipidwa zingati, pakuti mikangano yambiri ya m'magulu imabadwira pa sikelo ndi pa tsiku logawana ndalama. Funso likadziwika, gulu ligwirizane za zolemba zochepa zofunikadi, monga dzina, nambala ya membala, tsiku, kulemera kwa katundu ndi mtengo, ndipo lizilembe m'kope kwa nyengo yathunthu. Kope likamayenda bwino, kusamutsira m'foni kapena m'kompyuta n'kosavuta, koma likakhala losokonezeka makina amangofulumizitsa chisokonezocho.

Pa nthawi yosamukayo n'kwanzeru kuyendetsa njira ziwiri pamodzi, kope ndi makina, kwa miyezi ingapo, n'kumafananitsa zotsatira kumapeto kwa sabata iliyonse. Kuyesa kuyambire pa malo amodzi ogulira, osati onse nthawi imodzi. Maphunziro asapite kwa mlembi yekha, chifukwa tsiku limene iye adzapeza ntchito ku Blantyre gulu lidzatsala ndi kompyuta imene palibe wodziwa kuitsegula. Ndalama zolipirana pa Airtel Money kapena TNM Mpamba zimasiya umboni wa tsiku ndi kuchuluka kwake, koma uthenga wa m'foni ya msungichuma si kaundula wa gulu mpaka utalembedwa pamalo pamene mamembala onse angauone.

Kodi magetsi ndi netiweki zikavuta dongosolo silingaime?

Lingaime ngati linakonzedwa ndi maganizo a m'tauni. Ngakhale kuti magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa mathithi a Shire ku Nkula ndi ku Tedzani, m'malire mwa boma lomweli, midzi yambiri ya ku Neno sinalumikizidwe, ndipo namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022 kuzimazima kunakula dziko lonse. N'chifukwa chake pulogalamu yoyenera kuno ndi imene imalola munthu kulemba popanda intaneti, n'kutumiza zolembedwazo ikapeza netiweki, monga mmene Yendanafe imachitira. Sola yaing'ono yotchajira mafoni ilowe m'bajeti kuyambira pachiyambi, ndipo zolembedwa zizikopedwa n'kusungidwa pamalo ena, kuti foni ikabedwa kapena kugwera m'madzi mbiri ya chaka chonse isapite nayo.

Kodi makina amathetsa kuba ndi katangale?

Sathetsa paokha, ndipo Amalawi anaphunzira zimenezi mowawa. Mu 2013 zinadziwika kuti mabiliyoni a makwacha anatuluka m'thumba la boma kudzera mu IFMIS, dongosolo la pakompyuta loyendetsera chuma cha boma, pa nkhani imene inatchuka kuti Cashgate. Makampani analipidwa pa ntchito imene sanagwire, ndipo zolembedwa za malipirowo zinkafufutidwa m'makina. Chimene chinasowa si kompyuta, koma malire a mphamvu za oigwiritsa ntchito. Pa bizinesi ya msinkhu uliwonse wolemba malipiro asakhale yemweyo wowavomereza, aliyense akhale ndi nambala yake yachinsinsi yosabwereketsa, ndipo pulogalamu izisunga mbiri ya amene wasintha kanthu ndi ola limene wasinthira. Amayi a banki nkhonde amene amatseka bokosi ndi maloko atatu, makiyi n'kusungitsa anthu atatu osiyana, anaizindikira kale mfundo imeneyi, ndipo wokonza pulogalamu ayenera kuitengera kwa iwo.

Kodi maina ndi manambala a anthu amene asungidwa amatetezedwa ndi lamulo?

Inde. Lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu la 2024 likufuna kuti wotolera maina, manambala a foni kapena a chiphaso cha unzika akhale ndi chifukwa chomveka, atolere zokhazo zofunika pa ntchitoyo, ndipo azisunge motetezeka, ndipo bungwe la MACRA ndilo linapatsidwa udindo woyang'anira. M'dera limene anthu amadziwana mpaka agogo awo, mndandanda wa angongole wotayidwa pa gulu la WhatsApp ungachotse munthu ulemu mofanana ndi khadi lakuchipatala losiyidwa poyera.

Ndani amalipira dongosolo likayamba kuyenda?

Funso ili limaiwalika kawirikawiri pa tsiku la mwambo wolandira zipangizo. Pulogalamu yotseguka ilibe mtengo wa laisensi, koma ku Neno kaundula wakhalitsa chifukwa chakuti pali anthu olembedwa ntchito yolowetsa zolembedwa, yokonza zolakwika ndi yophunzitsa atsopano, ndipo malipiro awo amafunika mwezi ndi mwezi. Kopaletivi imene yapatsidwa mafoni ndi bungwe lothandiza iwerengere yokha ndalama za mabandulo a intaneti, za batire limene lidzatha mphamvu, za sikirini imene idzasweka ndi za munthu wodzakonza, n'kuona ngati zingatuluke pa kagawo kamene imadula pa kilogalamu iliyonse ya membala. Isanasaine pangano ndi wokonza pulogalamu, ilembetsemo kuti zolembedwa zonse ndi za gulu, ndi kuti tsiku losiyana naye idzazilandira zonse m'njira imene pulogalamu ina ingathe kuziwerenga.