PHUNZIRO LA MWEZI UNO: Za Kusunga Okalamba ndi Ulemu

Abale okondedwa a m'midzi ya ku Machinga ndi ku Balaka, mwezi uno tiphunzira za lamulo lachinayi la Mulungu, lija lotiuza kuchitira ulemu atate athu ndi amayi athu. Ambiri tiyesa kuti lamulo ili ndi la ana aang'ono okha, kuti azimvera powatuma kumadzi ndi kunkhuni. Si kutero ai. Kulemera kwake kuoneka pamene kholo lafooka, maso achita chidima, miyendo yakana kuyenda, ndipo mwana uja ali ndi nyumba yake ndi nkhokwe yake. Pamenepo ndipo Mulungu ayesa mtima wa mwanayo.

1. Okalamba ali pakati pathu

Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza anthu oposa 17 miliyoni m'Malawi muno, ndipo mwa anthu 100 alionse, ngati asanu anali a zaka 60 kapena kuposapo. M'midzi mwathu mulibe nyumba zosungiramo okalamba monga zili ku Ulaya. Chipatala choyamba cha agogo ndicho khonde la mwana wao, ndipo namwino wao woyamba ndiye mwana wamkazi kapena mdzukulu. Kale mwini mbumba ankayang'anira kuti pasakhale wogona ndi njala pa mtundu wake. Koma lero anyamata ambiri ali ku Johannesburg, ena ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo matenda a Edzi anatenga ambiri a msinkhu wapakati, nasiyira agogo ana amasiye. Chotero amene anayenera kusungidwa ndiwo alikusunga ena.

2. Kudyetsa kokha sikukwanira

Munthu aponyera galu wake mkute, ndipo galuyo akhuta. Koma kholo lathu linalengedwa m'chifanizo cha Mulungu, ndipo likhoza kukhuta m'mimba mtima uli kulira. Ulemu uoneka m'kachitidwe ka zinthu zazing'ono za tsiku ndi tsiku.

Pakudya: mano akatha, nsima ifewe ndi ndiwo zipse bwino. Wina akhale nao pamphasa kufikira atatha kudya, ndipo madzi akumwa akhale pofikira dzanja lao, pakuti okalamba samva ludzu msanga.

Posamba: bafa likhale lotchinga bwino, ana asasuzumire. Wowasambitsa akhale amene iwo eni amvomereza, ndipo aziwafunditsa nsalu mbali imene sakusambitsa.

Pogona: wodwala amene sangathe kudzitembenuza yekha, mumtembenuze maora awiri alionse. Akagonera mbali imodzi nthawi yaitali, magazi sayenda bwino pamene fupa latsamira, ndipo pabuka zilonda m'chiuno, kumatako ndi ku zidendene, zobvuta kupola. Pogona pakhale pouma, ndi ukonde woletsa udzudzu. Akadziipitsira, musawakalipire kapena kuuza anthu a panjira. Kumbukirani amene anachapa matewera anu wosadandaula.

Pa nkhani za pamudzi: afunseni maganizo ao za munda wao, mbuzi zao ndi maukwati a adzukulu ao. Makolo anati akulu ndi m'dambo mozimira moto. Mudzi umene uleka kufunsa akulu, moto wake usowa pozimira.

3. Pa chipatala

Pali mau amodzi amene apha okalamba ambiri, ndiwo akuti, "Ndi ukalamba basi." Ukalamba si nthenda ai. Agogo amene maso ao ayera ndi ng'ala akhoza kuonanso, pakuti madokotala a maso achotsa ng'alayo ndi opaleshoni yaifupi. Kuthamanga kwa magazi kukhala mwa munthu zaka zambiri wosamva kupweteka, kenaka kufoola ziwalo mwadzidzidzi. Koma kuyeza kwake ndi kwa kanthawi kochepa. Nthenda ya shuga nayonso ili ndi mankhwala. Mankhwala a nthenda ziwiri izi amwedwa masiku onse, osaleka munthu akayamba kupeza bwino. Chifukwa chake perekezani okalamba anu ku chipatala chaching'ono cha kwanu, ndipo akakutumizani ku chipatala chachikulu cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka, musazengereze.

Ndipo inu Akhristu amene mugwira ntchito m'zipatala, anamwino, madokotala ndi alangizi a zaumoyo, mau awa ndi anunso. Tidziwa kuti odwala achuluka ndipo inu muchepa. Komabe kunena kuti "agogo" kapena "bambo" sikudya nthawi. Tsekani katani powayeza. Lankhulani ndi iwo eni, osati ndi wowaperekeza yekha ngati kuti iwo palibe. Fotokozani kamwedwe ka mankhwala pang'onopang'ono, m'Chiyao ngati ndicho amva bwino, ndipo muwapemphe abwereze. Ife a pamzere, tikaona wa imvi alikunjenjemera padzuwa, timpatse malo atsogole.

4. Tchimo la kunamizira ufiti

Ili ndilo bala lalikulu la dziko lathu. Pali nthenda ya muubongo imene igwira ena pokalamba: munthu aiwala maina a ana ake, alankhula zosamveka, adzuka usiku nasokera, nthawi zina wosabvala. Anthu akampeza pakhomo pa eni m'bandakucha, afuula kuti mfiti yagwa. Pamene ndi wodwala, wofunika kumgwira dzanja ndi kumperekeza kwao.

Mu Januwale 2016, kwa anansi athu ku Neno, mphenzi inapha mtsikana, ndipo anthu anapha okalamba anayi powanamizira kuti ndiwo anatumiza mphenziyo. Mwazi wotere ufuula kwa Mulungu monga wa Abele. Dziwani kuti lamulo la dziko la chaka cha 1911 liletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lina loteteza okalamba ku nkhanza. Mkhristu akamva mphekesera yotere asakhale chete. Auze amfumu ndi apolisi msanga, miyala isanatoledwe.

5. Ndalama za agogo

Boma lili ndi chithandizo chotchedwa Mtukula Pakhomo, chimene chinayamba ku Mchinji mu 2006, nichifika ku Machinga ndi ku Balaka pambuyo pake. Chipatsidwa kwa mabanja osaukitsitsa amene alibe wogwira ntchito, ndipo ambiri mwa iwo ndi a okalamba. Koma alipo adzukulu amene akumbukira agogo tsiku lolandira lokha. Pa Marko 7 Ambuye Yesu anadzudzula anthu amene ankamana makolo ao chithandizo ponamizira kuti chumacho achipereka kwa Mulungu. Ngati anadzudzula iwo, nanga adzanena chiyani kwa wolanda ndalama ya agogo ndi kukamwera mowa? Kumeneko ndi kuba, kungakhale kuchitikire m'nyumba mwanu momwe. Momwemonso kulanda munda wa mayi wamasiye chifukwa alibe mphamvu ya kukadandaula ku bwalo.

6. Ntchito ya mpingo

Ambuye athu ali pa mtanda, m'zowawa zonse zija, anakumbukira amayi ake nawapereka m'manja mwa Yohane. Yohane sanali mwana wobala wa Maria, koma anawatenga kunka nao kwao. Apa tiphunzira kuti wokalamba wopanda mwana ndi kholo la mpingo wonse.

Maiko onse akumbukira okalamba pa 1 Okutobala, ndipo mu 2021 Papa Francis anaika Lamulungu lachinayi la Julayi likhale tsiku la agogo ndi okalamba. Masiku awa ndi abwino, koma denga lodontha silidikira tsiku la chikondwerero. Chifukwa chake mphakati uliwonse uwerenge okalamba a m'mudzi mwake ndi kuwadziwa maina. Anyamata afolere nyumba zao mvula isanagwe, ndi kuwapalira munda m'nyengo yake. Amayi agawane masiku a kutunga madzi ndi kusinja. Amene sangathe kufika ku tchalitchi, muuze abambo kuti akawayendere ndi masakramenti. Ndipo musasankhe: gogo wachisilamu wa nyumba yoyandikana ndi yanu ndiye mnansi amene Mulungu wakupatsani.

Mafunso a pa msonkhano

1. Lamulo lachinayi litha pa msinkhu wanji?
2. Chifukwa ninji titembenuza wodwala wogona maora awiri alionse?
3. Mkhristu achite chiyani akamva kuti wokalamba alikutchulidwa mfiti?
4. Ndani m'mudzi mwanu amene alibe womtungira madzi, ndipo ndani mwa inu adzapitako mawa?

Abale, ana athu alikupenya. Mbale imene tipatsira makolo athu lero ndiyo adzatipatsira ife, Mulungu akatisunga kufikira imvi. Mtendere wa Ambuye ukhale pa nyumba zanu zonse.