Madzi a Damu la Mpira: Tiwasamale Kuti Atisamale

Damu la Mpira lili m'boma la Ntcheu, ndipo madzi ake amayenda m'mapaipi kukafika m'midzi ndi m'matauni a ku Ntcheu ndi ku Balaka. Mu 2018 damuli linaphwa. Mipopi itauma, mabanja ambiri anabwerera kumitsinje ndi kuzitsime zosatetezedwa, komwe matenda amabisala. Nazi zoyenera kudziwa pakhomo panu.

LIKODZO

Munthu wodwala likodzo akakodzera m'madzi, mazira a tizilombo amaswa ndipo tizilomboto timalowa m'nkhono. Tikakhwima, timatuluka n'kuboola khungu la aliyense wosamba, wochapa kapena wowedza m'madzimo. Mwana akamakodza magazi si chizindikiro choti wakula, akudwala.

• Ana asasambire m'damu, m'madambo kapena m'zithaphwi.
• Madzi osamba otunga kumtsinje muwatenthetse, kapena akhale m'ndowa masiku awiri.
• Mankhwala a likodzo, praziquantel, alipo kuchipatala. Akamaperekedwa kusukulu, mwana ayambe wadya asanamwe.

KOLERA NDI KUTSEKULA M'MIMBA

Mliri wa kolera womwe unayamba mu 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno. Madzi kuoneka oyera sikuti ndi abwino kumwa.

• Wiritsani madzi akumwa mpaka abwate, kapena thiranimo klorini malinga ndi muyeso womwe mlangizi wa zaumoyo wakuuzani. Dikirani mphindi 30 musanamwe.
• Sungani madzi m'chigubu kapena mumtsuko wovindikira. Kapu yotungira ikhale ina, yomwera ikhalenso ina.
• Sambani m'manja ndi sopo pochokera kuchimbudzi, mukasintha mwana thewera, komanso musanagwire chakudya. Muzithirirana madzi, osati kupisa nonse m'beseni limodzi.
• Wina akayamba kutsekula zamadzimadzi, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Azimwa muli pa ulendo wopita kuchipatala, osadikira kuti kuche.

KUTETEZA DAMU

Mitengo ikatha kumapiri, mvula imakokolola dothi n'kukwirira damu, madzi n'kumachepa chaka ndi chaka.

• Tisaotche makala kapena kulima m'mbali mwa damu ndi mitsinje yothira m'damumo.
• Ziweto zizimwera kutali ndi potunga anthu.
• Khomo lililonse likhale ndi chimbudzi chovindikira, chokumbidwa kutali ndi madzi.
• Mukaona paipi yaphulika, dziwitsani a komiti ya madzi tsiku lomwelo.

Mukakhala ndi funso, onanani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Mukatha kuwerenga kapepalaka, awerengereninso anansi anu.